Nthenda Yosafunika Ankhoswe

Pali nthenda zimene timazitchula poyera popanda manyazi. Munthu akadwala malungo mudzi wonse umadziwa, ndipo anansi amabwera kudzamzonda atanyamula ufa ndi nkhuni. Akathyoka mwendo, ngakhale ana a m'njira amafunsa kuti, "Adzuka bwanji odwala?" Koma zilipo nthenda zina zimene mayi amadwala chamumtima, akusesa pabwalo, akuphikira ana, akupita kumunda monga mwa masiku onse, osauza ngakhale mwamuna amene amafunda naye chofunda chimodzi. Imodzi mwa nthenda zoterezi ndi ya m'chikhodzodzo, imene imadziwika ndi kuwotcha pokodza. Ndafuna kuti tikambirane za nthendayi, makamaka mtundu wake uja wobwerezabwereza umene umagwira amayi akakhala malo amodzi ndi amuna awo, pakuti pa zaka zambiri zimene ndidagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba ndidaona kuti imawononga thupi la mayi pamodzi ndi mtendere wa banja lake.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno nkhani zotere zimakambidwa kuseri, pakati pa alangizi ndi namwali, chitseko chili chotseka. Akuluakulu mundilole ndilankhule, ndipo ndiyesetsa kusankha mau aulemu. Koma makolo athu omwewo ndiwo adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Inunso anyamata ndi atsikana musatsegule tsamba lina poyesa kuti izi n'za akuluakulu okha. Mawa ndinu mudzakhala eni mabanja.

Ine ndidalowa m'banja nditamaliza kale maphunziro a unamwino. Pa sabata yachiwiri ya ukwati wathu ndidadzuka mbandakucha mkodzo utandithina kwambiri. Nditatuluka, padangogwa timadontho tochepa, koma ululu wake udali ngati munthu wathira tsabola pachilonda. Ndisanafike n'komwe pakhomo pobwerera, mkodzo udandigwiranso. Tsiku limenelo ndidapondaponda njira ya kuchimbudzi kosawerengeka, m'chinena mukulemera ngati mwaikidwa mwala. Nthendayo ndidaizindikira msanga, pakuti tidaiphunzira m'kalasi, ndipo mankhwala ndidalandira tsiku lomwelo. Chimene chidandilemera koposa ululuwo lidali funso ili: kodi ndiwauza bwanji amuna anga, amene ndangokhala nawo masiku owerengeka, kuti ndadwala kumalo obisika? Adzandiganizira zotani? Kapena adzayesa kuti ndikuwanena iwo? Ndidawauza madzulo titatha kudya, nditawajambulira papepala mmene thupi la mayi lidapangidwira. Iwo adamvetsera mpaka ndidamaliza, nafunsa kuti, "Tsono ine ndithandizepo bwanji, mayi?" Usiku umenewo ndidagona ndikulingalira kuti ngati ine wodziwa dzina la nthendayo ndidavutika chotere kuti nditsegule pakamwa, nanga mtsikana amene sadamvepo za nthendayi amasenza katundu wolemera bwanji?

Tizilombo timachokera kuti?

Mkodzo umapangidwa mu impso ziwiri zimene zili chakumsana, m'munsi mwa nthiti. Kuchokera kumeneko umatsika ndi timipaipi tiwiri kukasungidwa m'chikhodzodzo, ndipo nthawi yokodza ikakwana umatuluka ndi kanjira kamodzi. Kwa mwamuna kanjira kameneka n'kotalika masentimita pafupifupi 20. Kwa mayi n'kakafupi, masentimita 4 okha, kosafika ngakhale utali wa chala chaching'ono cha kudzanja. Ndiponso khomo lake lili pafupi ndi njira yoberekera ndi njira ya chimbudzi.

M'matumbo mwa munthu aliyense, wodwala ndi wangwiro yemwe, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Escherichia coli, kapena mwachidule E. coli. Dzinali lidachokera kwa dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, amene adayamba kufotokoza za tizilomboti m'chaka cha 1885. M'matumbomo ndi kwawo, ndipo tambiri mwa ito sitivuta munthu. Koma timatuluka pamodzi ndi chimbudzi, ndipo tina timatsalira pakhungu la malo ozungulira, ngakhale munthu akhale waukhondo chotani. Tikapeza mpata wolowa m'kanjira ka mkodzo, ulendo wa masentimita 4 suchedwa kutha. Tikafika m'chikhodzodzo timamatirira kukhoma lake ndi kuyamba kuswana msangamsanga, ndipo khomalo limatupa ndi kufiira. Ululu uja gwero lake ndi limeneli. Mwa amayi 10 alionse odwala nthendayi, pafupifupi 8 amakhala atagwidwa ndi E. coli.

Nanga kukhala malo amodzi kukulowapo bwanji? Pa nthawi imeneyo kukhudzana kwa matupi kumakankhira tizilombo timene tidali kale pakhungu la mayi kukhomo la kanjira kaja, ndipo tina timalowa m'kati. N'chifukwa chake zizindikiro zimayamba kawirikawiri patapita tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chakenso nthendayi imakonda akwati atsopano, kotero kuti Angerezi adaipatsa dzina lakuti honeymoon cystitis, ndiko kunena kutupa kwa chikhodzodzo kwa masiku oyamba a ukwati. Kafukufuku amene Thomas Hooton ndi anzake adachita pakati pa amayi achitsikana a mumzinda wa Seattle ku America, nafalitsa m'chaka cha 1996, adaonetsa kuti masiku okhala malo amodzi pa sabata akamachuluka, mpata wodwala nthendayi umakulanso.

Mfundo imene ndikupempha kuti muigwiritse ndi iyi: tizilomboto ndi ta m'thupi la mayi mwini wake. Mwamuna sadakatitenge kwa mkazi wina, ndipo mayi sadakatitenge kwa mwamuna wina. Banja lokhulupirika kotheratu likhoza kusautsidwa ndi nthendayi chaka ndi chaka. Pafupifupi theka la amayi onse amaidwala kamodzi kapena kuposapo pa moyo wawo. Madokotala amaitcha yobwerezabwereza ikagwira mayi kawiri pa miyezi 6, kapena katatu pa chaka chimodzi. Ena matupi awo adangobadwa otero, kuti tizilombo timamatirira mosavuta, ndipo mukafunsa mudzapeza kawirikawiri kuti mayi awo owabala ankavutikanso chimodzimodzi. Palibe chifukwa chothamangira kunena za uve, za chiwerewere kapena za kulodzedwa.

Mlandu wopanda mwini

Sindidzaiwala banja lina limene lidabwera pachipatala chimene ndinkagwirapo ntchito. Mwamunayo ankagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ankafika kumudzi kawiri pachaka. Akangofika, pasanathe masiku atatu mkazi wake ankagwa m'ululu. Akabwerera, mayiyo ankatha miyezi yambiri ali bwinobwino. Mayiyo adawerengera yekha nati, "Matendawa amabwera pa basi." Mwamunayo naye adawerengera yekha nati, "Ine m'thupi mwanga mulibe chovuta. Wodwalayo ndiye akudziwa kumene amayenda ine kulibe." Nkhani idafika kwa ankhoswe. Apongozi a mbali zonse adayamba kulozana zala, ndipo popeza mayiyo adali pachitengwa, adali atamanga kale katundu kuti abwerere kwawo ndi mwana kumbuyo.

Amalume ake a mayiyo, amene adali nkhoswe, ndiwo adati, "Tisanamasule banjali, tiyeni tikamve za kuchipatala." Adokotala adawapima onse awiri, ndipo mkodzo wa mayiyo udapita kokayezedwa. Nthenda yopatsirana sidapezeke mwa aliyense wa iwo. Mumkodzo ndimo mudapezeka tizilombo ta m'matumbo tija. Ndidawakhazika pansi atatuwo m'kachipinda, ndi kuwafotokozera zimene ndalemba pamwambapa, kuti thupi limene latha miyezi 6 lili lokha likalandira mwini nyumba masiku otsatizana, kanjira ka mkodzo kamakumana ndi zimene kadali katapuma. Mwamunayo adakhala nthawi yaitali atazolika. Kenaka adatembenukira kwa mkazi wake nati, "Mayi a mwana, zaka ziwiri zonsezi takhala tikuimbana mlandu wopanda mwini." Amalume aja adangopukusa mutu nati, "Safunsa adadya phula." Banjalo lidabwerera kunyumba limodzi. Koma ndimadzifunsa kuti ndi mabanja angati amene adatha chifukwa padalibe nkhoswe wodekha ngati ameneyo.

Pamenepa ndisamveke molakwa. Kuwotcha pokodza kuli ndi magwero enanso, ndipo ena mwa iwo ndi nthenda zopatsirana. Chinzonono chimawotcha pokodza, ndipo chimabwera kawirikawiri ndi mafinya kapena chikazi chachilendo, ngakhale kuti amayi ambiri amakhala nacho osaona chizindikiro. Chikapezeka, mwamuna ndi mkazi ayenera kulandira mankhwala onse awiri. Mauka amayabwa, ndipo mkodzo ukakhudza khungu lokandidwalo umawawa. Likodzo, limene timalitenga posamba, pochapa ndi polima m'madzi okhala ndi nkhono, kunyanja, m'madambo ndi m'minda ya mpunga, limatulutsa magazi pomaliza kukodza, ndipo mwa amayi limathanso kuyambitsa tizilonda m'njira yoberekera. Mankhwala ake ndi praziquantel, osiyana kotheratu ndi a nthenda ya m'chikhodzodzo. Nthenda zonsezi zimafanana nkhope, ndipo palibe apongozi, nkhoswe kapena mnansi amene angazisiyanitse ndi maso. Ozisiyanitsa ndi a chipatala. Tsono poyambira ndi kukapimitsa, milandu ibwere pambuyo ngati ilipo.

Pali zizindikiro zina zosayenera kugona nazo m'nyumba. Tizilombo tikakwera kuchoka m'chikhodzodzo kufika ku impso, thupi limatentha, munthu amanjenjemera, amasanza, ndipo amamva kupweteka m'mbali mwa msana, m'munsi mwa nthiti. Kwathu kuno thupi likatentha aliyense amati malungo. Ndidaona amayi amene adayezetsa magazi, malungo osapezeka, nabwerera kunyumba ndi mankhwala opha ululu okha chifukwa adachita manyazi kutchula za mkodzo. Wopima sangalote zimene simudamuuze. Nthenda ya impso ikalekereredwa, tizilombo timalowa m'magazi, ndipo pamenepo moyo umakhala pachiswe.

Zimene mayi angachite pakhomo

Choyamba ndi madzi akumwa. Amayi ambiri amamwa madzi ochepa kwambiri, ndipo ena amatero mwadala. Wogulitsa pamsika amaopa kusiya malonda, mphunzitsi amaopa kusiya kalasi, wa paulendo amaopa kuimitsa basi, ndipo wa kumunda amanyamula khasu kuiwala chigubu. Koma mkodzo ndiwo mtsinje umene umakokolola tizilombo tisanamere mizu. M'chaka cha 2018 Thomas Hooton yemwe uja ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adachitikira ku Bulgaria pakati pa amayi 140 amene ankadwala nthendayi mobwerezabwereza ndiponso ankamwa madzi osakwana malita 1.5 patsiku. Theka la iwo adauzidwa kuwonjezera malita 1.5 tsiku lililonse, ena adapitiriza monga mwa kale. Patatha miyezi 12, owonjezera madzi adali atadwala pafupifupi theka la mmene adadwalira anzawo: powerengera onse pamodzi, mayi mmodzi adadwala ka 1.7 pamene m'gulu linalo adadwala ka 3.2. Malita 1.5 ndi mabotolo atatu okha a theka la lita. Limodzi m'mawa, lina masana, lina chakumadzulo, kuwonjezera pa zimene mumamwa kale. Akhale madzi abwino, a pamjigo, owiritsa kapena othira mankhwala. Mudzadziwa kuti mukumwa okwanira mkodzo ukamatuluka wachikasu chopepuka, osati wofiirira ngati tiyi. Okhawo amene ali ndi nthenda ya mtima kapena ya impso ayambe afunsa adokotala za muyeso wawo.

Chachiwiri, musasunge mkodzo nthawi yaitali. Ukakugwirani pitani, ndipo musafulumire kunyamuka chikhodzodzo chisanathe, pakuti mkodzo wotsalira ndiwo dziwe limene tizilombo timaswaniramo.

Chachitatu, mukatha kukhala malo amodzi, dzukani mukakodze musanagone tulo. Akafukufuku sadapeze umboni wamphamvu wa langizo limeneli monga adapezera pa madzi, koma nzeru yake njomveka, silipweteka munthu, ndipo silidya ndalama. Chovuta chake ndikuchidziwa. Chimbudzi chili panja, usiku kuli mdima, mwina mvula ikugwa, ana agona pabalaza, ndipo mayi amaopa njoka ndi anthu oipa. Sungani kachidebe kovundikira m'chipinda, kotsukidwa m'mawa uliwonse. Apo ayi, bambo atenge tochi aperekeze. Kapu ya madzi yomwa musanalowe kuchipinda imathandiza kuti mkodzo upezeke pa nthawi yake.

Chachinayi ndi kasamalidwe ka malo obisika. Mukachoka kuchimbudzi pukutani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti zochokera m'matumbo zisalowere kukhomo la mkodzo. Sambani kunja kokha ndi madzi oyera. M'njira yoberekera mumakhala tizilombo tina tabwino totchedwa lactobacilli, timene timachititsa malowo kukhala owawasa pang'ono, kotero kuti tizilombo toipa timalephera kukhazikikamo. Amenewa ndi alonda a pakhomo. Kutsuka m'kati ndi sopo, kuikamo zitsamba, miyala yosinja, thonje kapena nsalu pofuna kuumitsa kumapirikitsa alondawo, ndipo kumasiya khungu lili lokhuzuka. Ndikudziwa kuti atsikana ena amalangizidwa kuti kuuma ndiko kukondweretsa bambo. Ndikunena monga mzamba amene adaona zotsatira zake: mwambo umenewu umapweteka mayi, ndipo umatsegulira khomo nthenda zina zoopsa koposa imene tikukambayi. Kansalu ka kuchipinda kaja nakonso kasamakhale konyowa pansi pa mphasa kapena pansi pa pilo. Khalani ndi tingapo, tichapidwe ndi sopo tikangogwira ntchito, tiume bwino padzuwa kapena tisitidwe. Chimodzimodzinso nsalu za kumwezi.

Chachisanu chikukhudza njira zolera. Kafukufuku wa ku Seattle uja adaonetsanso kuti amayi ogwiritsa ntchito kachotchinga koika pakhomo la chiberekero pamodzi ndi mankhwala opha umuna amadwala nthendayi kawirikawiri. Mankhwalawo, amene odziwika kwambiri ndi nonoxynol-9, amapha alonda abwino aja, ndipo makondomu ena amabwera atapakidwa kale mankhwala amenewa. Ngati mukudwaladwala, werengani pachikutiro kapena funsani kuchipatala cha kulera. Musasiye kulera panokha, pakuti zilipo njira zambiri zopanda mankhwala amenewa.

Pali zinanso zing'onozing'ono. Kudzimbidwa kumalepheretsa chikhodzodzo kutha bwino, choncho ndiwo zamasamba, zipatso ndi nsima ya mgaiwa zisasowe. Nthenda ya shuga imachititsa kuti munthu adwaledwale m'chikhodzodzo, kotero mayi amene nthendayi siikumuleka ayezetse shuga. Ena adamva za chipatso cha ku North America chotchedwa cranberry. M'chaka cha 2023 bungwe la Cochrane lidasonkhanitsa zofufuza 50 ndi kupeza kuti chimachepetsako kubwereza kwa nthendayi mwa amayi. Koma sichimera kwathu kuno, mtengo wake ngokwera, ndipo sichichiritsa munthu amene wadwala kale. Wosachikwanitsa asadandaule. Madzi a pamjigo ali pafupi.

Za mankhwala

Nthenda ikagwira, mankhwala opha tizilombo amaichiza m'masiku ochepa. Koma akhale olembedwa ndi a chipatala, ndipo amwedwe mpaka tsiku lomaliza limene mwauzidwa. Chizolowezi chogula makapisozi awiri kapena atatu pagolosale, kapena kupempha otsala kwa mnansi, chatibweretsera tsoka lalikulu. Tizilombo tikalawa mankhwala osakwanira, tofooka timafa, tolimba timatsala ndi kuswana, ndipo mawa mankhwala omwewo sagwiranso ntchito. Ofufuza a ku Blantyre, Patrick Musicha ndi anzake, adafalitsa m'chaka cha 2017 zimene adapeza m'magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth. M'chaka cha 2003, mwa tizilombo ta E. coli 100 tilitonse, tosamva mankhwala amphamvu a mtundu wa ceftriaxone sitinkafika n'kamodzi komwe. Pofika 2016 tidali 30 pa 100. Ndiye kuti mayi amene amameza makapisozi mwachisawawa nthawi iliyonse akamva kuwotcha akudziphwanyira yekha mlatho umene adzafune kuwolokera tsiku limene nthenda idzafike ku impso.

Mayi amene wadwala kawiri pa miyezi 6 kapena katatu pachaka asangolandira mankhwala ndi kuchoka. Anene momveka kuti, "Nthendayi ikubwerezabwereza, ndipo imadza ndikakhala ndi bambo." Ngati n'kotheka, mkodzo ukayezedwe kuchipatala chachikulu kuti adziwe mtundu wa tizilombo ndi mankhwala amene tikumvera. Ndi bwino kusunga kakope kolembamo tsiku limene zizindikiro zidayamba ndi mankhwala amene mudamwa. Madokotala ali ndi njira zingapo zothandizira amayi otere. Ena amapatsidwa mbulu umodzi woti amwe akangotha kukhala malo amodzi, m'malo momwa tsiku ndi tsiku. Ena amamwa muyeso wochepa usiku uliwonse kwa miyezi ingapo. Palinso mankhwala otchedwa methenamine hippurate, amene amachititsa mkodzo kukhala malo oipa kwa tizilombo. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa m'chaka cha 2022 adapeza kuti amateteza pafupifupi mofanana ndi mankhwala opha tizilombo omwa tsiku ndi tsiku. Kusankha pakati pa njirazi ndi ntchito ya dokotala amene wakupimani.

Amayi oyembekezera asamale koposa. Pa nthawi ya pakati mkodzo umayenda mochedwa, ndipo tizilombo tikhoza kukhalamo popanda chizindikiro chilichonse, kenaka n'kukwera ku impso, kapena kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2016, lidati mkodzo wa amayi oyembekezera uziyezedwa kusikelo. Mukamva kuwotcha muli ndi pakati, musadikire tsiku la sikelo, ndipo musamwe mankhwala alionse osauzidwa, pakuti ena amavulaza mwana.

Amayi anzanga amene tidasiya kusamba, nafenso tili m'gulu lomweli. Msambo ukatha, mphamvu ya m'thupi yotchedwa estrogen imachepa, khungu la malo obisika limapyapyala ndi kuuma, ndipo alonda aja amachepa. Motero nthenda imene idatileka tili atsikana ikhoza kubweranso tili ndi zidzukulu. Kuyambira kafukufuku wa Raul Raz ndi Walter Stamm wa m'chaka cha 1993, zidadziwika kuti mankhwala a estrogen opaka m'njira yoberekera amachepetsa kwambiri kubwereza kwa nthendayi mwa amayi a msinkhu wathu. Musanene kuti ndi ukalamba chabe. Kafunseni.

Mau kwa abambo, makolo ndi alangizi

Abambo, nthendayi simuibweretsa ndinu, koma mukhoza kuichepetsa kapena kuikulitsa. Sambani m'manja ndi m'thupi musanalowe kuchipinda. Musakhale aliwiro, pakuti thupi la mayi limafuna nthawi kuti likonzeke, ndipo pouma ndi pamene khungu limakhuzuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi akadwala, mpatseni masiku oti amalize mankhwala ndi kuchira, osamuyesa wokana. Mayi woopa ululu amayamba kuopa usiku, kenaka amaopa mwamuna wake, ndipo chikondi chimazilala popanda amene akudziwa chifukwa. Ndalama ya ulendo wa kuchipatala ituluke msanga monga imatulukira mwana akatentha thupi. Ndipo mukatha kutero, mperekezeni, mukamvere limodzi zimene adokotala anene.

Makolo, mwana wanu wamkazi akadandaula kuti mkodzo ukumuwotcha, musathamangire ndodo kapena mafunso oopseza. Nthendayi imagwiranso makanda, ana a sukulu ndi anamwali amene sadadziwepo mwamuna. Atsikana ambiri a kusukulu zogonera komweko amatha tsiku lonse osamwa madzi, akusunga mkodzo chifukwa zimbudzi n'zochepa kapena n'zonyansa. Mtsikana amene wakalipiridwa kamodzi sadzanenanso, ndipo tsiku limene adzakhale ndi vuto lalikulu adzakafunsa anzake m'malo mwa mayi wake. Mtengereni kuchipatala, ndipo ngati pali zina zofunika kukambirana, zidzakambidwa bwino mwanayo ataona kuti mwayamba mwasamala za ululu wake. Inunso atsikana, musameze mankhwala opatsidwa ndi mnzanu wa pabedi loyandikana. Uzani amayi oyang'anira kogona, kapena mayi anu.

Pomaliza ndilankhule ndi alangizi anzanga. Pa chilangizo cha ukwati timaphunzitsa mkwatibwi ulemu kwa apongozi, kasamalidwe ka nyumba ndi za kuchipinda, ndipo timachita bwino. Ndikupempha kuti tiwonjezepo mphindi zochepa za nkhani iyi, mkwati ali pomwepo. Tiwauze kuti m'masabata oyamba mayi akhoza kumva kuwotcha pokodza, kuti zimenezi zimachitikira amayi ambiri okhulupirika, kuti amwe madzi okwanira, akodze akatha kukhala malo amodzi, asaike kanthu kalikonse m'kati, ndipo zikachitika apite limodzi kuchipatala tsiku lomwelo. Awiri amene amva mau amenewa pamodzi asanalowe m'nyumba sadzayang'anizana ndi diso lokayika tsiku limene nthendayi idzafike, ndipo ankhoswe adzasungira mphamvu zawo milandu yeniyeni.